Kuzungulira mzinda wakale wa Edinburgh wapansi tsiku limodzi: malangizo kwa a m'chigwa cha Shire

Munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje saopa mtunda. Amene anazolowera kuyenda kuchokera kumudzi kukafika pamsika wa Ngabu kapena Bangula dzuwa lili paliwombo, makilomita 8 kwa iye si nkhani. Ulendo umene tikufotokoza pano ndi wotalika chomwecho, makilomita 7 kapena 8, ndipo ukwanira kuona pakatikati pa Edinburgh, likulu la Scotland. Komabe ambiri ochokera kwathu kuno amagonja nthawi ya nkhomaliro isanakwane, miyendo ikunjenjemera, zala zitauma. Chowagonjetsa ndi zinthu zitatu zomwe chigwa chathu sichinatiphunzitse: masitepe, mphepo yozizira, ndi misewu yosanjikizana, wina pamwamba wina pansi. Mankhwala ake ndi kukwera chitunda chachikulu kamodzi kokha m'mawa, tsiku lonse n'kumangotsetsereka.

Kuti mumvetse chifukwa chake, ganizirani ng'ona itagona pamchenga wa Shire, mutu kumadzulo, mchira kummawa. Mutuwo ndi thanthwe lalikulu, chotsalira cha phiri lomwe kalekale linkalavula moto, ndipo pamwamba pake pali linga la Edinburgh Castle. Msana wa ng'onayo ndi msewu wa Royal Mile, wotalika pafupifupi makilomita 1.8, wotsetsereka mpaka kunyumba yachifumu ya Holyroodhouse, kumchira. Nthiti zake ndi tinjira topanikiza totsika mbali zonse ziwiri, tambiri tamasitepe okhaokha. Eni ake kanjira kotere amakatcha close. Mukatsika nthiti imodzi mwachidwi chabe, dziwani kuti muikweranso. Mukatero kasanu, tsiku lanu latha.

Zokonzekera musananyamuke

Viza ya ku United Kingdom (UK) ndi yosiyana ndi ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya. Amene ali pamaphunziro ku Germany kapena ku Italy ndi pasipoti ya Malawi sangangokwera ndege kupita ku Edinburgh popanda viza ya UK. Ndalama ndi mapaundi. Ku Scotland mabanki atatu amasindikiza ndalama zawozawo zapepala, choncho musadabwe kulandira chenji chosiyana maonekedwe ndi chomwe munasintha ku Blantyre. Yesetsani kuzigwiritsa ntchito komweko, chifukwa kuzisintha mutabwerera kuno kumavuta. Mpamba ndi Airtel Money sizilipira kanthu m'masitolo a kumeneko. Khadi ya kubanki yongogunditsa pamakina ndiyo imayenda paliponse, koma muuze banki yanu musanachoke kuti isaitseke poganiza kuti yabedwa. Pulagi yamagetsi ndi yamano atatu ngati yathu yomwe, ndipo magalimoto amayenda kumanzere monga kuno.

Nkhani ya zovala musaitenge mopepuka. Mwezi wa July, womwe kwa iwo ndi pakati pa chilimwe, masana kumatentha madigiri 19 kapena kuchepera. Ku Nsanje timati kwazizira kukafika pamenepo. Valani zosanjikiza: malaya amkati ogwira thupi, juzi, ndiye jekete losalowa madzi lokhala ndi chipewa chake. Jekete lotere mungalipeze pakaunjika ku Nchalo kapena ku Limbe pamtengo wotsika kwambiri kuposa kumeneko; muyese zipi ndi kuona ngati nsalu yamkati sinasupuke. Ubwino wosanjikiza ndi woti pokwera chitunda mumatuluka thukuta, ndipo thukutalo likazizira pansi pa chijasi chimodzi chochindikala, ndilo limakudwalitsani. Juzi muvule pokwera, muvalenso mukafika pamwamba. Ambulera ndi yachabe, mphepo ya m'misewu imeneyo imaipinda nthiti kamodzi n'kamodzi. Mvula yake nthawi zambiri imakhala ngati chiperoni cha June, yowaza pang'onopang'ono koma yonyowetsa ndithu.

Nsapato zikhale zamphira pansi, zomwe mwaziyendera kale masabata awiri kapena atatu. Nsapato zatsopano zimatulutsa matuza ola lachitatu lisanathe, ndipo zosalala pansi, zija timavala kutchalitchi, zimaterereka pamiyala yoyala m'misewu ikanyowa. Sokosi zochindikala, mafuta opaka pamilomo, botolo la madzi. Madzi apampopi ndi abwino kumwa, ndipo muzimwa ngakhale ludzu lisakumveka, chifukwa kozizira thupi limauma mwakachetechete, mutu n'kuyamba kuwawa madzulo.

Onaninso kalendala. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, pomwe mu June kumawalabe mpaka cha m'ma 10 koloko usiku. Mu August mumzinda mumakhala chikondwerero chachikulu cha zisudzo cha Fringe. Royal Mile imadzaza moti poyenda mphindi 10 mumatenga theka la ola, ndipo malo ogona amakwera mtengo. Tikiti ya ku Edinburgh Castle gulanitu pa intaneti, musankhe nthawi yotsegulira, 9:30 m'mawa. Mapu a mzinda muwasunge mufoni kuti azitseguka popanda bandulo, ndipo munyamule power bank, poti batire limatha msanga kozizira. Zikwama zikuluzikulu kulinga sazilola ndipo kulibe pozisungira. Zisiyeni kogona kapena kumalo osungitsa katundu pasiteshoni.

M'mawa: kwa Livingstone, kenako chitunda

Yambirani pasiteshoni ya sitima ya Waverley cha m'ma 8:15. Siteshoniyi ili m'chigwa pakati pa mzinda wakale ndi watsopano. Tulukirani mbali ya Princes Street, mukhotere kumanzere, muwoloke msewu wa Waverley Bridge. Pangodya ya munda wamaluwa mupeza chiboliboli cha David Livingstone, chomwe chinaikidwa mu 1876, chosemedwa ndi Amelia Hill. Wanyamula Baibulo m'dzanja, ndipo kumbuyo kwake kuli chikopa cha mkango, chikumbutso cha mkango umene unamuphwanya mkono. Alendo ambiri amangochipitirira. Inu imani. Munthu ameneyu anakwera Shire mu 1859 pasitima ya Ma Robert, nakocheza kwa Chibisa pafupi ndi Chikwawa, mathithi a Kapichira atamutsekera njira. Amakololo omwe anabwera naye ndiwo anadzakhala mafumu m'chigwa muno, ndipo maina monga Kasisi, Maseya ndi Katunga alipo mpaka lero. Mu Edinburgh momwemu ndimo Kamuzu Banda anamaliza maphunziro ake a udokotala mu 1941.

Pambali pakepo pali nsanja yakuda ya Scott Monument, yotalika mamita 61, yokumbukira mlembi Walter Scott. Mkati muli masitepe 287 ozungulira, opanikiza kwambiri kumtunda. Lero musakwere. Miyendo muisungire zina, ndipo malo oonera mzinda aulere alipo awiri kutsogoloku.

Munda mukuyendamowo kale linali dziwe lotchedwa Nor Loch, momwe zonyansa za mzinda zinkathera. Analiphwetsa pomanga mzinda watsopano, womwe mapulani ake anajambula James Craig m'ma 1760, ndipo dothi lokumbidwa pamaziko a nyumba zatsopanozo analiunjika kukhala chitunda chotchedwa The Mound. Chitunda chimenecho ndicho njira yanu. Kwerani pang'onopang'ono, ngati lole yodzaza shuga pa Thabwa. Pamwamba pake pali nyumba yansanja ziwiri ya New College, momwe muli holo yomwe msonkhano waukulu wa Church of Scotland umakumana. A CCAP adziwe kuti mizu ya mishoni ya Blantyre ya 1876 ndi ya Livingstonia ya 1875 ili m'mipingo ya dziko limeneli. Pitirirani ndi kanjira ka Ramsay Lane, kokwera zedi koma kakafupi, ndipo mutulukira pabwalo la kutsogolo kwa linga. Kuchokera kusiteshoni ndi mphindi 25 mosathamanga, kuwonjeza nthawi yoima kwa Livingstone.

M'linga mukhale maola awiri basi, ndipo muyambe ndi kumtunda. Gulu lonse likalowa limaima pakhomo kujambula zithunzi. Inu pitirirani mpaka ku Crown Square mukaone chisoti chachifumu, ndodo ndi lupanga la mafumu a Scotland mzere usanatalike. M'nyumba yomweyo muli kachipinda kakang'ono momwe Mary, mfumukazi ya Scotland, anaberekera James VI mu 1566. Kenako lowani mu St Margaret's Chapel, katchalitchi komangidwa cha m'ma 1130, nyumba yakale kuposa zonse mu Edinburgh. Ndi kakang'ono moti anthu 20 adzaza, makoma ake ochindikala, mazenera ngati tizibowo. Kunja kwake kuli mzinga wa Mons Meg, wopangidwa mu 1449, pambali pake pali mipira yamiyala yomwe unkaponya. Mwala wa Stone of Destiny, womwe mafumu ankakhalapo powaveka ufumu, musaufunefune, anausamutsira ku Perth mu 2024. Nyumba zosungiramo za asilikali ndi zingapo, ndipo zikhoza kukudyerani m'mawa wonse. Ngati nkhani za nkhondo si zanu, zipitirireni.

Pomwe mapu amanamiza

Mukatuluka cha m'ma 11:30, tsikani Royal Mile pang'ono pokha, mukhotere kumanja pa Upper Bow, mutsike masitepe ofikira mu Victoria Street, msewu wokhota wa masitolo opaka utoto wamitundumitundu. Umakatha ku Grassmarket, womwe kuyambira 1477 unali msika wa ng'ombe ndi akavalo, ngati msika wa ziweto wa kwathu kuno. Panalinso ponyongera anthu. Kumapeto a kummawa kuli chikumbutso chozungulira cha a Covenanters, Akhristu achipresibateriya omwe ananyongedwa pamenepo pakati pa 1661 ndi 1688 chifukwa chokana kuti mfumu ilamulire mpingo.

Apa ndi pomwe alendo amasochera, ndipo vuto si nzeru zawo. Pamapu a pafoni, msewu wa Cowgate umaoneka ngati ukudutsana ndi George IV Bridge ndi South Bridge pamphambano wamba. Zoona zake ndi zoti awiriwo ndi milatho yomwe anamanga nyumba mbali zonse mpaka sioneka ngati milatho, ndipo Cowgate imadutsa pansi pake, kutsika kwake ngati kutalika kwa nyumba yosanja kangapo. Foni imakuuzani kuti mwafika, inu mukuona chipilala chamwala ndi basi ikudutsa kumwamba. Choncho mukachoka ku Grassmarket musalowe mu Cowgate. Tengani Candlemaker Row, msewu wokwera pang'ono kudzanja lamanja, ukakutulutsani pamwamba pomwe pali chipata cha manda a Greyfriars.

M'tchalitchi cha Greyfriars ndimo anasainira pangano la National Covenant mu 1638, ndipo pangodya ina ya mandawo anatsekerapo akaidi oposa 1,000 a gulu la a Covenanters lija mu 1679, pabwalo popanda denga. Kwathu munthu salowa kumanda popanda chifukwa ndi chilolezo cha mfumu. Kumeneko manda akale ndi malo oyendamo aliyense, ena amadyeramo nkhomaliro. Ngati mtima wanu sukulola, palibe chokukakamizani. Tchalitchi chili pafupi ndi chipata. Panja, pamphambano, pali kachiboliboli ka galu Bobby, amene amati analondera manda a mbuye wake zaka 14 mpaka kufa kwake mu 1872. Mphuno yake yayera chifukwa chosisitidwa ndi alendo, ndipo oyang'anira amapempha kuti anthu aleke kutero chifukwa zikuwononga chitsulo.

Wolokani msewu mulowe mu National Museum of Scotland pa Chambers Street. Kulowa ndi kwaulere, amatsegula 10 koloko mpaka 5 koloko, ndipo ndi malo anu otenthetsera thupi, opumira ndi opita kuchimbudzi. Nkhani ya chimbudzi ndi yofunika: zapamsewu ndi zochepa, kozizira mkodzo umabwera pafupipafupi, ndipo kukodza pakanjira ndi mlandu wolipira chindapusa. Nyumbayi ndi yaikulu moti mukhoza kutha tsiku. Sankhani zitatu: holo yaikulu yadenga lagalasi, nkhosa Dolly yomwe inabadwa mu 1996 kuchokera ku selo ya nkhosa ina yaikulu popanda yamphongo, ndi khonde la padenga lomwe mumakwera ndi chikepe, komwe linga limaoneka lonse. Ikakwana 1 koloko mumva kuphulika. Musathawe. Ndi mzinga wa kulinga umene umaombedwa kuyambira 1861 kuti oyendetsa sitima zapamadzi padoko la Leith akonze mawotchi awo. Suombedwa Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi pa Khirisimasi.

Chakudya cha pa Royal Mile ndi chodula chifukwa cha alendo. Yendani pang'ono kulowera ku South Bridge ndi Nicolson Street, dera la ophunzira a payunivesite, komwe kuli malo ogulitsa mpunga ndi ndiwo zotentha pamtengo wabwino, komanso masitolo ogulitsa sangweji, chakumwa ndi kachipatso pamtengo umodzi. Idyani chotentha ngati mungathe, supu ndi buledi zimagwira thupi kuposa sangweji yozizira. Ofuna kulawa haggis adziwe kuti ndi zamkati za nkhosa zogaya, zosakaniza ndi oats, anyezi ndi tsabola. Wodya nthumbwana sangaione yachilendo.

Masana: kutsika msana wa ng'ona

Bwererani ndi George IV Bridge, womwe ndi wathyathyathya, mukafike pa St Giles cha m'ma 2:15. Tchalitchichi chinayamba mu 1124, ndipo nsanja yake ili ngati chisoti chachifumu. John Knox, tate wa chipresibateriya, anakhala mbusa pano kuyambira 1559.  Pangodya ya kumbuyo kuli Thistle Chapel ya 1911, yodzaza zosemasema zamatabwa. Yang'anitsitsani pafupi ndi khomo, mupeza mngelo akuimba chitoliro chachikopa cha ku Scotland. Manda a Knox ali kuseri kwa tchalitchi, pansi pa malo oimika magalimoto, pa nambala 23, pomwe pali mwala wolembedwa. Galimoto ikaimapo simuuona. Kutsogolo kwa tchalitchi, pamiyala ya mumsewu, pali chithunzi cha mtima pomwe panali ndende yakale ya Tolbooth. Eni mzinda ena amalavulirapo podutsa monga mwa mwambo wawo, ndiye musaikepo chikwama kapena kugwadapo pojambulitsa.

Mwa tinjira tonse, lowani kamodzi kokha: Advocate's Close, moyang'anizana ndi St Giles. Imani pamasitepe oyamba, musatsike. Pakati pa makoma awiri akuda muona nsanja ya Scott ndi mzinda watsopano kutsidya. Kwezani maso muone kutalika kwa nyumba. Mzinda unali wotsekeredwa ndi dziwe kumpoto ndi khoma lomwe analimbitsa itatha nkhondo ya Flodden mu 1513, choncho anthu posowa malo anamanga chokwera, nyumba zina zosanja kakhumi kapena kuposa, olemera ndi osauka khomo limodzi. Mukatsika mpaka pamphambano ya St Mary's Street, yang'anani pansi: timiyala tamkuwa tikusonyeza pomwe panali chipata cha Netherbow, malire a mzinda wakale.

Kuchokera apo msewu umatchedwa Canongate, ndipo anthu amachepa. Kumanzere kuli Canongate Kirk, komwe kuli manda a Adam Smith, katswiri wa zachuma amene anamwalira mu 1790. Kumapeto kwenikweni, kudzanja lamanja, kuli Nyumba ya Malamulo ya Scotland, yotsegulidwa mu 2004, ya aphungu 129. Kulowa ndi kwaulere mukadutsa pachipikisheni, koma Lamulungu amatseka. Boma lochokera m'nyumba imeneyi ndilo linasaina mgwirizano ndi Malawi mu 2005, Jack McConnell ndi Bingu wa Mutharika ali atsogoleri.

Holyroodhouse ili kutsidya kwa msewu. Ndi nyumba yomwe mfumu ya Britain imafikira ikakhala ku Scotland, choncho nthawi zina imatsekedwa, makamaka kumapeto a June ndi kuyamba kwa July. Muonetu masiku pa intaneti. Mkati muli chipinda momwe anaphera David Rizzio, mlembi wa mfumukazi Mary, mu 1566, ndi mabwinja a nyumba ya amonke ya 1128. Malangizo athu ndi oti tsiku limodzi musalipire kawiri: mwalowa kale kulinga, iyi ioneni pachipata. Phiri la Arthur's Seat, la mamita 251, likukopani kumbuyo kwake. Limafuna maola awiri kupita ndi kubwera, njira yake ndi yamatope ndi miyala yoterera, ndipo pamwamba mphepo imakankha munthu. M'miyezi ya October mpaka March musaliyese madzulo otere.

Kachitunda komaliza ndi Calton Hill, ndipo n'kakafupi. Pali njira ziwiri. Yachidule ndi Calton Road kenako masitepe oposa 100 a Jacob's Ladder. Ya mawondo otopa ndi kuzungulira ku Abbeyhill kukwera Regent Road, yomwe imatalika ndi mphindi 10 koma yopanda masitepe ambiri. Pamwamba pali zipilala 12 za National Monument, chikumbutso cha asilikali omwe anafa pankhondo za Napoleon, chomwe anayamba mu 1826 n'kuchisiya mu 1829 ndalama zitatha. Pafupi pali nsanja yokumbukira Nelson, mkulu wa asilikali apanyanja, yomwe pamwamba pake anaikapo mpira mu 1853 woti uzigwa 1 koloko. Mzinga wa 1 koloko uja anauwonjeza chifukwa tsiku la chifunga oyendetsa sitima sankauona mpirawo. Chifunga chimenecho, chomwe amachitcha haar, chimachokera kunyanja ndipo chimatha kuphimba mzinda m'mphindi zochepa ngakhale kutacha bwino. Mukachiona chikubwera mudakali ku Canongate, musavutike kukwera. Kukakhala koyera, yang'anani kumadzulo ndi kummwera dzuwa likamapendeka, muona ng'ona yonse kuyambira kumutu mpaka kumchira, njira yonse yomwe mwayenda.

Potsika gwiritsani masitepe a kumbali ya Waterloo Place, ndipo pa mphindi 10 muli pa Waverley. Miyendo ikakana msanga, kulibe kabaza, koma mabasi a Lothian ndi ambiri: gunditsani khadi polowa, kapena ponyani ndalama yokwanira ndendende, chifukwa dalaivala sapereka chenji. Powoloka Princes Street samalani ndi tramu, sitima yamagetsi yodutsa mumsewu, imayenda mwakachetechete ndipo siima msanga. Nambala ya apolisi, ambulansi ndi ozimitsa moto ndi 999. Poimbira abale ku Chikwawa kuti mwayenda bwino, kumbukirani kuti kwathu nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto a March mpaka kumapeto a October, ndi maola awiri miyezi yotsalayo.